Ulendo wopanda maliro: tchuthi chathu ku Mzuzu ndi ku Mpamba

Kwathu munthu sakwera basi popanda nkhani. Ukamva kuti auje apita ku Blantyre, funso loyamba limakhala loti, "Kwagwanji?" Ndipo kawirikawiri kumakhaladi kutagwa kanthu: maliro, matenda, chinkhoswe, kapena mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Ine kwathu ndi ku Dedza, ndinakwatiwa ndi mwamuna wa ku Nkhata Bay, ndipo ntchito inatikhazika ku Mzuzu, ku Katoto. Abale anga anafikapo kuno kumpoto pa ukwati wathu, anadzabweranso pa maliro a apongozi anga aamuna. Maulendo onsewo ankafika kutada, kukhala pagulu, kudya chothamanga, kutacha n'kumafunsa za basi yobwerera. Mukanawafunsa za kumpoto akanakuuzani za kuzizira kwa padepoti ndi nyimbo za pasiwa, basi.

Zimenezi zinkandiwawa mumtima. Dera limene ana anga abadwiramo, limene ndikukalambiramo, amayi anga ondibereka ankalidziwa ngati malo olirirako. Ndiye chaka chino, sukulu zili pafupi kutsekera, ndinawaimbira achimwene.

"Achimwene, tchuthi cha Ogasiti mubwere ndi alamu ndi ana. Amayi musawasiye."

"Kuli chiyani, achemwali?"

"Kulibe kanthu. Mudzangoona malo."

Anakhala kaye chete, kenako anati aganiza. M'mawa mwake foni inalira, anali Amayi. Sanapereke ndi moni womwe. "Mwanawe, usandibise. Ukudwala?" Zinatenga nthawi kuti akhulupirire kuti ndikuwaitanira kucheza chabe.

Za ndalama ndinene poyera, chifukwa anthu ambiri akamva mawu oti tchuthi amaganiza za mahotela ndi azungu ovala makabudula. Ife tinalibe ya hotela. Ine ndinatapa pa ndalama zanga za banki m'khonde, achimwene anagulitsa matumba a mbatata ya kachewere, ndipo chimene chinadya zambiri ndi thiransipoti. Pogona panali pabalaza pathu: matiresi pansi, ana onse mulu umodzi, Amayi kuchipinda kwa mwana wanga wamkazi. Ufa, nyemba ndi kachewere anabwera nazo okha. Amayi sangalowe m'nyumba ya mkamwini chimanjamanja ngakhale uwaletse motani.

Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Mzuzu ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 350 pa msewu wa M1, kudutsa Kasungu, Jenda, kenako kukwera mapiri a Viphya. Ndinawapempha kuti akwere basi ya m'mawa kuti Chikangawa amuone masana, ndipo anamvera. Ana atafika ankalimbirana kundiuza za mwala waukulu wooneka ngati njovu umene anauona chapatali. Achimwene, pokhala mlimi, anaona zina. Anaona zitsa. Nkhalango ya paini imeneyi inadzalidwa kwambiri kuyambira m'chaka cha 1964, mahekitala oposa 50,000, poyembekezera fakitale ya mapepala imene sinamangidwe. Lero malo ambiri ndi mbee, mitengo inapita ndi macheka ndi moto wolusa, ngakhale kuti pena ndi pena mukuoneka mitengo yaing'ono yodzalidwa kumene. Amayi anangonena chimodzi chokha, kuti basi italowa m'chifunga anthu anatsitsa mawu, wina n'kukumbutsa anzake kuti m'nkhalango yomweyi ndi mmene munagwa ndege imene inapha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, ndi anzawo pa 10 Juni 2024. Akuti anapemphera chamumtima mpaka chifungacho chitatha.

Mzuzu ndi mzinda woti sutopetsa mlendo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000, koma pakati pa tauni mukhoza kupazungulira wapansi dzuwa lisanafike paliwombo. Ndi mzinda wamng'ono msinkhu: unayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ngati malo a esiteti ya mitengo ya tung, imene mbewu zake ankayengera mafuta, ndipo unalandira ulemu wokhala mzinda m'chaka cha 1985. Ndinawafotokozera ana zimenezi tikuyenda, kuti agogo awo ndi aakulu kuposa "mzinda" umene akuuonawo, ndipo Amayi anayenda modzikweza pang'ono.

Kuzizira sikunawaopse. Munthu wa ku Dedza sungamuopseze ndi mphepo. Chimene chinawadabwitsa ndi chinyezi, kuti mu Ogasiti udzu ukadali wobiriwira m'makhwawa, kuti m'mawa ukhoza kudzuka kukuwaza kamvula pamene kwathu fumbi lili koboo.

Tinayamba ndi msika, chifukwa mlendo wa kwathu saudziwa mzinda asanafunse mitengo ya zinthu. Mumsika waukulu achimwene anaima nthawi yaitali pa anthu ogulitsa kachewere, kufunsa kuti achokera naye kuti, ndowa akugula bwanji, kenako n'kumawerengera chamumtima. Alamu anga mtima wawo unali ku Taifa, msika umene umadzaza ndi katundu wochokera ku Tanzania. Kumeneko zitenje zapachikidwa mpaka kudenga, ndipo munthu umatuluka maso atatopa ndi mitundu. Amayi anagwira nsalu imodzi, kuifinya pakona, kuikanda ndi chikhadabo kuti aone ngati ili ndi sitachi wambiri, n'kuibweza. Anachita chimodzimodzi ndi ina, ndi inanso. Mayi wogulitsayo sanakwiye, anangoti, "Amama, inu mukuidziwa nsalu," n'kutulutsa ina pansi pa tebulo. Imeneyo ndi imene tinagula. Tinagulanso mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, umene fungo lake limatulukira m'jumbo usanauphike n'komwe, ndipo masana tinadya mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama. Ana anamaliza mbale zawo. Amayi anadya, anayamikira, kenako anafunsa kuti nsima tidya nthawi yanji.

Tinalowanso mu myuziyamu yaing'ono ya mumzindawu, mmene muli zinthu za makolo a mitundu ya kuno kumpoto, ndipo tinamwa khofi wa Mzuzu, amene amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono m'mapiri a Misuku, Phoka ndi Viphya. Khofi ameneyu amamwedwa m'maiko akutali, koma ambiri a ife eni dziko sitinamulawepo. Achimwene anathira shuga wambiri n'kunena kuti ndi wabwino. Anyamata aja chimene chinawakomera ndi kukwera kabaza kuchoka m'tauni kupita kunyumba, aliyense njinga yake, akukuwirana m'njira.

Koma malo amene ndinawakonzera ndi mtima wonse ndi Luwinga, kumene kuli Yunivesite ya Mzuzu. Mwana wamkazi wa achimwene ali Fomu 3, ndi wanzeru, koma yunivesite ankangoimva pawailesi. Yunivesite ya Mzuzu inakhazikitsidwa m'chaka cha 1997, ophunzira oyamba analowa mu 1999, m'nyumba zimene kale zinali koleji ya aphunzitsi. Mu Disembala 2015 laibulale yake inapsa, mabuku zikwizikwi anasanduka phulusa, ndipo ife amene tinali mumzinda muno tikukumbuka mmene anthu anadandaulira, ngakhale amene sanapondepo m'kalasi. Sukulu sinathere pamenepo. Tinayenda naye mtsikanayu pang'onopang'ono, iye osayankhula. Anaona atsikana ongomuposa pang'ono, ena atavala masilipasi, ena akudya chimanga chootcha, atanyamula mabuku. Potuluka anandigwira mkono.

"Azakhali, ndimayesa kuno kumabwera ana a anthu olemera okhaokha."

"Wawaona wekha. Akusiyana nawe pati?"

Sanayankhe, koma madzulo ake anandifunsa kuti pamafunika mapointi angati. Kukanakhala kuti ulendo wonse unathera pamenepa, ndalama ya basi ija ikanakhala kuti yabwerera kale.

M'tauni tinkayenda ndi wotchi. Ndinkadzutsa anthu, kuwerenga mitu, kuuza uyu kuti avale juzi, kukumbutsa uyo za nthawi. Ndi mmene tauni imafunira, chifukwa chilichonse chili ndi nthawi yotsekera ndiponso mtengo wake. Pokonzekera zopita kumudzi kwa amuna anga, chakufupi ndi Mpamba, ndinangolemba zogula: shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira, masamba a tiyi, machesi. Zochita sindinalembe chilichonse, ndipo ndinachitira dala.

Msewu wa ku Nkhata Bay ndi wa makilomita pafupifupi 50, ndipo ndi wotsetsereka. Umachoka pamwamba pa mapiri, mamita oposa 1,200, n'kumatsikira kunyanja mokhotakhota. Tisanafike ndi patheka pomwe majuzi anali atavulidwa, makutu akutsekeka, nthochi ndi chinangwa zitayamba kuoneka mbali zonse. Tinatsika minibasi pa Mpamba, katundu wolemera tinakweza njinga zamoto, ife n'kulowa kanjira wapansi.

Apongozi anga anatiyembekezera pansi pa mtengo wa mango. Ataona Amayi anaimirira, ngakhale mawondo amawavuta, ndipo azimayi awiriwa anagwirana manja nthawi yaitali. "Asewere, mwandiyendera ndili moyo," anatero apongozi. Chichewa chawo n'chosakaniza ndi Chitonga, Amayi Chitonga sadziwa kupatula "yewo", koma kuyambira nthawi imeneyo sanafunenso wowamasulira. Nkhuku inali itagwidwa kale.

Amayi anali atamvapo zambiri za kondowole, zambiri zake zonyoza, monga mmene ife a chigawo chapakati timanyozera chakudya chimene sitikuchidziwa. Pa maliro paja anapatsidwa nsima ya chimanga monga alendo. Ulendo uno anati akufuna aone kuyambira kumunda. Apongozi anawatenga m'mawa, khasu paphewa, ana akutsatira pambuyo. Chinangwa cha kuno amachidzala pa mitumbira, ndipo sichikololedwa tsiku limodzi ngati chimanga. Munda ndiye nkhokwe: umakumba chimene ukufuna, chotsala chimadikira m'nthaka. Achimwene anafunsa za feteleza, apongozi anaseka n'kunena kuti chinangwa sichidziwa kuponi. Achimwene anaima phee, akuyang'ana mundawo. Iwo chaka chilichonse tulo timawathawa chifukwa cha mtengo wa thumba la feteleza.

Chinangwa chambiri cha kondowole n'chowawa, ndipo chili ndi poizoni woti munthu akachidya chachiwisi akhoza kudwala kwambiri. N'chifukwa chake akachisenda amachiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, poizoniyo n'kutuluka. Apongozi anatsegula mgolo umene munali china chimene anaviika kale, fungo lake linatimenya tonse, ana anathawa atagwira mphuno. Amayi sanasunthe. Anapinda chitenje, analowetsa manja, n'kuyamba kuthandiza kuchitsuka, kuchifinya ndi kuchotsa mitsitsi ya pakati. Anachiyanika pathandala, choyera mbee. Chimene chinali chitauma kale anachithira mumtondo, ndipo azimayi awiri okalambawa anasinja mosinthana misi, wina akutsitsa wina akukweza, osagundana ngakhale kamodzi. Anaphunzira kusinja m'midzi yotalikirana makilomita mazanamazana, koma kamvekedwe ka mtondo kanali kamodzi.

Kuphika kwake ndiye kunawagonjetsa Amayi. Kondowole saphika ngati nsima yathu, yoyamba ndi phala n'kumathira ufa pang'onopang'ono. Madzi akawira, apongozi anaphula mphika, anaukhazika pansi, anaupana ndi mapazi atakulunga kansanza, anathira ufa wambiri nthawi imodzi n'kuyamba kuvundula. Nsimayo imalimba msanga, imakoka mthiko, ndipo imafuna mphamvu za m'mapewa. Amayi anapempha mthiko, anavundula pang'ono, thukuta linatuluka, anaubweza akuseka. "Asewere, inu ndinu amuna." Tinadya ndi chigwada chosinja ndi usipa wofutsa. Apongozi anawalangiza kuti asatafune kwambiri, angotema mbamu yaing'ono, kusunsa, n'kumeza. Amayi anadya mpaka anapempha ina, ndipo kuchokera tsiku limenelo sindinawamvenso akuinyoza.

Masiku a kumudzi analibe mutu weniweni, ndipo ndi amene ana akuwakumbuka. Mafoni anatha moto, pokatchaja panali patali, ndipo palibe anadandaula nthawi yaitali. Asuweni amene m'tauni ankangoyang'anizana aliyense ndi kafoni kake, kuno ankachoka m'mawa limodzi ndi ana a m'mudzimo, kubwera masana miyendo ili tuu, m'manja muli nzimbe. Anaphunzira kutcha misampha, kuwedza timatemba mumtsinje, kuwerenga mpaka khumi m'Chitonga. Achimwene ndi amuna anga ankayenda mtunda wautali kukaona minda ya mpunga ku dambo la Limphasa, n'kubwera akukambirana za mbewu ngati anthu obadwa bere limodzi. Alamu anga, amene kwawo sapuma, ndinawapeza masana ena atagona tulo pamphasa pansi pa mango, ndipo ndinauza ana kuti asawadzutse.

Madzulo ena tinamva ng'oma ndi kulira kwa malipenga kutsidya. Anali anyamata ndi azibambo akukonzekera mpikisano ndi mudzi wina, poti nyengo yokolola ikatha ndiye nthawi yake. Gule wa malipenga ameneyu anachokera ku perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, ndipo amavina mwaulemu, pamzere, mwendo ukuponyedwa mosathamanga, ena akuliza zipanda zoboola zimene zimalira mokoma. Achimwene anati akufanana ndi mganda wa kwathu, mkulu wina anakana kwamtuwagalu kuti mganda ndi wothamanga, ulibe ulemu wa malipenga. Anatsutsana mpaka mdima, onse akuseka, ndipo anasiyana atagwirana chanza.

Sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kuganiza kuti kumudzi ndi kumalo opumulirako basi. Ife tinkapuma chifukwa ena ankagwira ntchito. Madzi osamba anthu onsewo anachita kutungidwa pamjigo, nkhuni zinachita kutoledwa, ndipo nkhuku zimene tinadya zinali chuma cha apongozi. N'chifukwa chake ndinaonetsetsa kuti atsikana athu asenze nawo ndowa, anyamata awaze nkhuni, ndipo zimene tinabweretsa zikhale zoti zitsalako tikachoka. Ndinaletsanso ana kujambula anthu osawapempha. Mudzi wa eni si chionetsero. Komanso mukayenda m'mudzimo mumaona nyumba zabwino za malata zili zotseka, eni ake ali ku Joni kapena ku Tanzania. Anthu a ku Nkhata Bay anayamba kalekale kupita kunja kukafuna ntchito, kuyambira nthawi ya migodi ya ku Rhodesia ndi South Africa, ndipo mpaka lero amene amatsala pakhomo ndi okalamba ndi adzukulu. Apongozi anga amakhala masabata osamva phokoso la anthu ambiri pabwalo pawo. Amati mlendo ndi mame, ndipo ankatiuza mawu amenewa m'mawa uliwonse, ngati akuwerengera nthawi imene yatsala.

Tsiku lina dzuwa litapendeka, Amayi anandiitanira kuseri. "Kodi kuno amalola kukaona pamene anagona asewere aamuna?" Kwathu kumanda sikupitidwa wamba, mpaka mfumu idziwe, ndiye ankaopa kulakwira mwambo. Ndinafunsa apongozi, iwo anangotenga tsache n'kutsogola. Manda a banjali ali pafupi, kuseri kwa nthochi. Pa maliro paja Amayi anali kumbuyo kwa khamu la anthu, sanaone ndi pamene bokosi linatsikira. Tsopano anaima pafupi, anawerenga dzina pachiliza, anathandiza kusesa masamba. Panalibe kulira mokweza. Apongozi anayamba kufotokoza za amuna awo, mmene anakumanirana, zaka zimene anakhala okha bamboyo ali ku migodi, wailesi imene anabwera nayo. Amayi nawo anafotokoza za Bambo athu, zinthu zina zimene ine mwana wawo ndinali ndisanazimvepo. Ndinawasiya awiriwo ndi kubwerera kunyumba kukasonkha moto, chifukwa nkhanizo sizinali zanga. Pamaliro sipapezeka mpata wotere. Pamakhala anthu ambiri, mapoto ambiri, ndipo wofedwa amangolandira manja osaona nkhope.

Kunyanja tinapitako tsiku limodzi, poti kuchokera pa Mpamba ndi pafupi. Pa Nkhata Bay mapiri amatsikira m'madzi mwenimweni, ndipo nyanja imazama msanga. Chakumpoto kwake ndi kumene kuli malo ozama kwambiri a nyanja yonse ya Malawi, mamita pafupifupi 700. Unali mwezi wa mwera, mafunde anali amphamvu, ndiye ana tinawaloleza kusewera m'mphepete mokha ku gombe la Chikale. Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, sinali padoko tsiku limenelo, ndipo anyamata anakhumudwa. Tinawatengera pa chipilala chokumbukira anthu amene anawomberedwa pa 3 Marichi 1959, pamene anasonkhana padoko kukana kuti atsogoleri awo omangidwa atengedwe pa sitima. Mtsikana wa Fomu 3 uja anati nkhaniyi anaiphunzira m'kalasi, koma sankadziwa kuti malo ake ndi ochepa chonchi, oti anthu analibe kothawira. Amayi, amene anali asanapondepo m'madzi a nyanja, anavula nsapato, anakweza chitenje pang'ono, analowa mpaka m'akakolo, anasamba kumaso, n'kutuluka. Tinadya batala wootcha, tinagula usipa wouma wopita nawo ku Dedza.

Pobwerera ku Mzuzu katundu anachuluka kuposa popita: ufa wa kondowole, mikoko ya nthochi, nkhuku yamoyo, ndi mitengo ya chinangwa imene achimwene anapempha kuti akayese kumunsi kwa munda wawo, ngakhale akukayika ngati chingachite bwino m'kuzizira kwa ku Dedza. Atakwera basi ya ku Lilongwe nyumba inakula mwadzidzidzi, ndipo ana anga anakhala osayankhula tsiku lonse.

Patapita sabata apongozi anaimba foni kudzera kwa mdzukulu wawo. Akuti chikhalireni sanapitirirepo Nkhotakota, ndipo asewere anawauza za phiri la Dedza, za mbiya ndi makapu adothi amene amaumba kumeneko, ndi za zithunzi zamakedzana za pamiyala ya ku Chongoni. Akufuna akaone okha chaka chamawa anthu akakolola, mawondo asanakaniretu. Amuna anga ayamba kale kupatula kandalama mwezi ndi mwezi, achimwene akuti mbuzi ya alendo ilipo. Chimene chatsala n'kupeza munthu wokhulupirika wosamala nkhuku ndi kuthamangitsa anyani m'munda wa chinangwa, chifukwa apongozi anenetsa kuti popanda ameneyo sakwera galimoto.